Zenera Lachinayi

Ndine Ornella, wa pa zenera lachinayi,
ofesi ya maukwati, mumzinda wa Genova.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikupuma fungo la inki.
Sindifunsa munthu ngati amamukonda mnzakeyo.
Pa fomu palibe mzere wa zimenezo.

Anabwera mu Febuluwale, mvula ili m'mapewa:
Wilmer, wopenta sitima kudoko, wobadwira ku Guayaquil,
utoto wobiriwira uli m'zikhadabo,
ndi Doina wa ku Moldova,
amene amasambitsa nkhalamba ina ya kumtunda kwa siteshoni
n'kumaimwetsa mankhwala pa supuni.
Anali atagwirana manja. Ndinawapempha atayane kaye,
ndinkafuna mapasipoti.

Kalata yobadwira, ndinatero,
yomasuliridwa ndi munthu wolumbira kukhoti.
Ina ya kwa kazembe, yoti kwanu simunasiyeko mkazi,
inunso mayi, yoti kwanu kulibe akukudikirani.
Chidindo pa kalatayo,
ndi chidindo china chochitira umboni choyambacho.
Wilmer anaseka. Ine ayi.

Ya Doina inafika mu Epulo,
itapindidwa kanayi m'thumba la dalaivala wa basi.
Ya Wilmer inayenda ulendo wa nkhono.
Mlongo wake anaima pamzere masiku atatu
n'kuuzidwa kuti wosaina wapita kumaliro.
Pomwe inkafika mu Novembala
ya Doina inali itatha mphamvu.
Umbeta wa papepala ndi wa miyezi isanu ndi umodzi,
ukapitirira apo umasasa ngati mkaka.

Anayambiranso.

Ulendo wachitatu ndinachiona ndine ndemwe:
pa pasipoti dzina la makolo lili ndi i,
pa kalata lili ndi y.
Kachilembo kamodzi, kochepa ngati nsabwe.
Ndikanatha kutsokomola n'kutembenuza tsamba.
Sindinatsokomole.
Doina anaika chipumi pagalasi:
Ndiye kuti ine ndilipo awiri? Akwatire utiyo?
Ndinamukankhira fomu yokonzera dzina.
Usiku umenewo supu inapserera pachitofu
ine ndili chiimire pomwepo, chipande m'manja.

Ine ndi Fausto tinakwatirana m'chipinda cha pamwambapa,
mphindi khumi, mapepala awiri,
palibe anatifunsa kanthu.
Patatha zaka zinayi anachoka ndi sutikesi ya mayi anga.
Mapepala ake onse anali olongosoka.

Telala wakulitsa diresi kawiri, ndamva.
Nkhalamba ija, imene inkati idzakhala mboni,
inatsikira kuli chete mu Januwale
itasiya ndolo zake mu envelopu yolembedwa Doina,
dzina lokhalo basi, lopanda chidindo.

Lero abwera atatu.
Wachitatuyo ali m'nsalu pachifuwa cha Wilmer,
milungu isanu yakubadwa, kakamwa kali yasa.
Kalata yake inatuluka m'mawa umodzi, pa zenera lachiwiri,
popanda kazembe, popanda womasulira.
Iye yekha m'banjamo
ndiye amene boma silikumukayikira.

Ndawerenga mulu wonse katatu, chala pa deti iliyonse.
Zonse zikadali moyo.
Ya Wilmer yatsala ndi milungu itatu,
tikachita changu ikwana.
Ndanyowetsa chidindo, ndachikweza,
dii!
mwana wadzidzimuka n'kuyamba kulira,
pamzere wonse acheuka.

Doina sanathokoze, ndipo sindikumuimba mlandu.
Wangofunsa ngati Loweruka n'kotheka.
Loweruka n'kolipira, ndatero, Lachinayi n'kwaulere.
Atenga Lachinayi.
Mboni ali nayo imodzi, mnzake wa Wilmer wowotcherera zitsulo,
inayo sakudziwa aitenga kuti.

Ndayang'ana kalendala, ngakhale ndimaidziwa pamtima.
Lachinayi ndimaweruka masana, ndatero,
ndipo chiphaso changa chilibe vuto.
Ndanena ndikusanja mapepala, osawayang'ana.

Nambala makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
sunthirani kuno.